Magazi ochepa m'thupi lodzaza ayironi: lipoti la wodwala wa m'boma la Angónia

Lipoti ili ndalembera anzanga ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono za chigawo cha Tete, makamaka a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene zipangizo zoyezera magazi ndi zochepa ndipo odwala ndi ambiri kuposa manja owathandiza. Likunena za abambo ena a zaka 57 amene ndinawapatsa mapiritsi a ayironi kwa miyezi itatu pamene thupi lawo linali kale ndi ayironi wopitirira muyeso. Dzina lawo, mudzi wawo ndi chipatala chimene ndimagwirako ntchito sindizitchula, ndipo iwo eni anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe. Cholakwa chimene chili m'nkhaniyi ndi changa.

Mmene anafikira

Abambowa ndi mlimi wa chimanga ndi mbatata ya kachewere. Anafika m'mwezi wa Epulo akudandaula kuti kwa miyezi inayi akhala ofooka, akupuma mwawefuwefu akamakwera chitunda, chakudya sichikulowa, ndipo lamba wa thalauza amuboola kawiri. Kutsokomola anakutchula mopeputsa, nati ndi fodya wa chingambwe amene akhala akusuta kuyambira unyamata wawo. Powapima ndinapeza kuti mkati mwa zikope ndi m'zikhatho munali moyera, ankalemera makilogalamu 49, thupi silinali lotentha kwenikweni, chiwindi chinkamveka zala zitatu pansi pa nthiti ndipo chinali cholimba, ndiponso nsonga ya kapamba inkakhudzika. Malungo sanapezeke, HIV sinapezeke, ndipo hemoglobin, muyeso wosonyeza ngati magazi ndi okwanira, inali yotsika pa 8.4 g/dl.

Ndinawalembera sal ferroso, mankhwala a ayironi, mapiritsi awiri pa tsiku, ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndinawalangiza kudya nyemba, bonongwe ndi kapenta, ndipo ndinawauza kuti abwerenso pakatha mwezi. Pa pepala la zotsatira panalinso nambala ina, MCV, yosonyeza kukula kwa maselo ofiira, ndipo inali 89 fl. Munthu amene ayironi wamuthera kwa miyezi yambiri maselo ake ofiira amachepa msinkhu, nambalayi imatsikira pansi pa 80. Nambala ija inali pamaso panga koma sindinaiwerenge, popeza panja panali mzere wautali, ndipo dzanja langa linazolowera kulemba sal ferroso ndikangoona hemoglobin yotsika. Chizolowezichi chili ndi pochokera, chifukwa mwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono kuchepa kwa ayironi ndiye gwero lalikulu la kuchepa kwa magazi, koma mwamuna wachikulire amene sakutaya magazi paliponse sayenera kuikidwa m'gulu limeneli popanda kufunsa mafunso.

Anabweranso mu Meyi ndi mu Juni, hemoglobin isanasunthe, ndipo ine ndinangowonjezera mapiritsi poganiza kuti mwina sakumwa mokhulupirika. Anali kumwa ndithu, ndipo umboni wake unali chimbudzi chakuda ndi kudzimbidwa zimene anadandaula ulendo wachiwiri. Mu Julayi anafika ndi akazi awo, hemoglobin ili 8.1, akulemera makilogalamu 46, akutuluka thukuta usiku ndiponso akutsokomola makhololo. Makina oyezera makhololo a GeneXpert anapeza chifuwa chachikulu chomva mankhwala a rifampicin.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinafunsa bwinobwino za mowa. Mu Epulo ndinali nditafunsa ngati amamwa kachasu, iwo anakana, ndipo sananame. Mayi aja ndi amene anamasula nkhaniyo pamene anati, "Adokotala, kachasu abambowa sakhudza, koma masese ndimafulula ndine, ndipo wolawa woyamba ndi iwowa." Mayiwa akhala akufulula mowa wogulitsa kwa zaka zoposa 25, ndipo amauphikira ndi kuusungira m'mgolo wachitsulo wa malita 200, wosiyana ndi mbiya zadothi zimene amayi awo ankagwiritsa ntchito. Abambowa ankamwa malita awiri kapena atatu masiku ambiri a pa sabata, ndipo kwa iwo masese ndi chakudya cha kumunda, osati mowa woti n'kuutchula kuchipatala.

Zoyeza zina

Shuga wa m'magazi asanadye anali 7.9 mmol/l, ndipo titabwereza tsiku lina anali wokwerabe. ALT, yosonyeza kuvulala kwa chiwindi, inali 68, yokwera pang'ono, ndipo hepatitis B sinapezeke. Mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Moatize anawatengera mumzinda wa Tete, kumene anawaunika m'mimba n'kupeza chiwindi chachikulu chokhakhala, chopanda chotupa, m'mimba mopanda madzi, ndiponso mopanda zizindikiro za likodzo la m'chiwindi. Mwana yemweyo analipira kuti ayezedwe ayironi. Ferritin, yosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, inali 3,100 µg/l, pamene mwamuna wathanzi sakhala pamwamba pa 300 kawirikawiri. Transferrin, puloteni yonyamula ayironi m'magazi, inali yodzaza ndi 52 peresenti, ndipo CRP, yosonyeza kutupa kwa m'thupi, inali yokwera kwambiri.

Kuti manambala amenewa amveke, ndiyenera kufotokoza mmene maselo amasungira ndi kugawira ayironi, popeza ine mwini ndinabwerera ku mabuku nditalandira pepala lija.

Zimene zimachitika m'maselo

Munthu wamkulu ali ndi magalamu 3 mpaka 4 a ayironi, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu ali mu hemoglobin. Wotsalayo ali m'minofu, m'chiwindi ndi m'ma enzyme amene selo lililonse limadalira popuma ndi popanga DNA. Tsiku lililonse mafuta a m'mafupa amafuna mamiligalamu 20 mpaka 25 kuti apange maselo ofiira atsopano, koma matumbo amalowetsa miligalamu imodzi kapena awiri okha. Kusiyanaku kumakwaniritsidwa ndi maselo otchedwa macrophage a m'kapamba ndi m'chiwindi, amene amameza maselo ofiira okalamba akakwanitsa masiku pafupifupi 120, n'kuchotsamo ayironi ndi kumubwezera m'magazi. Chimene sindinkachiganizira mokwanira ndi chakuti thupi lilibe njira yotulutsira ayironi mwadala monga impso zimatulutsira mchere. Amene amatayika ndi wongotsagana ndi khungu lofundula, maselo a m'matumbo oyoyoka ndi magazi otuluka, choncho chitetezo chonse chili polowera.

Chifukwa chimene thupi limamusamalira motere ndi khalidwe la ayironi lomwelo limene limamupangitsa kukhala wofunika. Amalandira ndi kupereka electron mosavuta, kusinthasintha pakati pa Fe2+ ndi Fe3+, ndipo ndi mmene amathandizira kunyamula mpweya wa oxygen ndi kupanga mphamvu. Koma Fe2+ wosamangika akakumana ndi hydrogen peroxide, imene maselo amapanga nthawi zonse, pamatuluka hydroxyl radical, kanthu kamene kamawononga mafuta a m'zikuta za selo, mapuloteni ndi DNA. Mchitidwewu umatchedwa ndi dzina la Henry Fenton, amene anaufotokoza mu 1894. Mu 2012 gulu la Brent Stockwell ku Columbia University linapereka dzina lakuti ferroptosis ku imfa ya selo imene imachitika mafuta a m'chikuta chake akawonongeka ndi ayironi, makamaka pamene enzyme yoteteza ya GPX4 yalephera. Pofotokozera banja ndinagwiritsa ntchito mawu akuti dzimbiri, ndipo ngakhale kuti si ofanana ndendende, anawamva msanga kuposa china chilichonse chimene ndinanena.

N'chifukwa chake ayironi sasiyidwa kuyenda yekha. M'magazi amanyamulidwa ndi transferrin, imene imagwira tizidutswa tiwiri ta Fe3+, ndipo mwa munthu wathanzi malo ake odzaza amakhala pakati pa 20 ndi 45 peresenti, kutanthauza kuti nthawi zonse pali malo otsala olandirira ayironi wobwera mwadzidzidzi. Selo lofuna ayironi limaika pakhungu pake puloteni yolandira transferrin, n'kuimeza, ndipo ayironi amamasukira mkati kudzera pa DMT1, puloteni yomweyo imene imamulowetsa kumayambiriro kwa matumbo aang'ono. Amene sakufunika nthawi yomweyo amatsekeredwa mu ferritin, imene ndi nkhokwe ya selo, ndipo ferritin imodzi ingasunge tizidutswa pafupifupi 4,500.

Selo lililonse limadziyeza lokha pogwiritsa ntchito mapuloteni awiri, IRP1 ndi IRP2. Ayironi akachepa, mapuloteniwa amagwira tizigawo totchedwa IRE pa mRNA, uthenga umene selo limawerenga popanga puloteni, ndipo zotsatira zake zimadalira malo amene agwira: pa mRNA ya ferritin amaletsa kuti isawerengedwe, pamene pa mRNA ya cholandirira transferrin amaiteteza kuti isaphwanyidwe, motero selo limaleka kumanga nkhokwe n'kuwonjezera zolandirira. Ayironi akachuluka zimatembenuka, chifukwa IRP1 imalandira kachigawo ka ayironi ndi sulfur n'kusanduka enzyme ya aconitase, IRP2 imaphwanyidwa, ferritin imapangidwa yambiri ndipo zolandirira zimachepa. Chimene chimandigometsa pamenepa ndi chakuti selo siliyembekezera lamulo lochokera kwina, ayironi yemweyo ndi amene amazimitsa njira yomulowetsera.

Pa thupi lonse wolamulira ndi hepcidin, hormone yaing'ono ya ma amino acid 25 yopangidwa ndi chiwindi, imene inadziwika cha m'ma 2000 ndi 2001. Ayironi ali ndi khomo limodzi lokha lotulukira m'selo, ferroportin, ndipo mu 2004 Elizabeta Nemeth, Tomas Ganz ndi anzawo anasonyeza kuti hepcidin imagwira ferroportin n'kuichititsa kumezedwa ndi kuphwanyidwa. Hepcidin ikakwera, ayironi wa m'chakudya amatsalira m'maselo a matumbo n'kutuluka nawo akayoyoka, ndipo wa mu macrophage amakhala wotsekeredwa. Ayironi wambiri amaikweza, pamene kufunika kwa magazi atsopano kumaitsitsa kudzera mu erythroferrone yochokera m'mafuta a m'mafupa. Mowa umaitsitsanso. Matenda opatsirana amaikweza kudzera mu interleukin 6, ndipo ichi ndi chitetezo, chifukwa tizilombo nato timafuna ayironi kuti tiswane.

Kumasulira kwa zotsatira

Abambowa anali ndi mavuto awiri okokerana mbali zosiyana. Chifuwa chachikulu chinakweza hepcidin, ayironi anatsekeredwa mu macrophage, mafuta a m'mafupa anamanidwa, ndipo magazi anachepa nkhokwe zili zodzaza. Izi zokha zikanatha kufotokoza MCV ya 89, hemoglobin yosamva mapiritsi ndi mbali ina ya kukwera kwa ferritin, popeza ferritin imakweranso ndi kutupa, mowa ndi kuvulala kwa chiwindi. Chimene sichinagwirizane ndi chifuwa chachikulu chokha ndi transferrin yodzaza ndi 52 peresenti, chifukwa pa kutupa kwa mtundu umenewu nambalayi imatsika. Kuipeza pamwamba pa muyeso hepcidin ili yokwera kunasonyeza kuti pansi pa matendawa pali katundu wa ayironi wa zaka zambiri, ngakhale kuti mapiritsi anga akanatha kuikwezako, ndipo n'chifukwa chake ndinaganiza zodzabwereza kuyezako chifuwa chikadzatha.

Vuto limeneli si lachilendo kum'mwera kwa Africa. A. S. Strachan analifotokoza mu 1929 atapima mitembo ku Johannesburg n'kupeza ayironi wochuluka m'ziwindi ndi m'makapamba a anthu akuda ambiri, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti gwero lake lalikulu ndi mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo. Masese ndi owawasa, asidi wake amasungunula chitsulo cha mgolo, ndipo lita imodzi ingakhale ndi mamiligalamu makumi angapo a ayironi wolowa m'thupi mosavuta, pamene mowa womwewo ukufooketsa hepcidin imene ikanamutsekereza. Kachasu amawononga chiwindi mwa njira yake, koma ayironi sakwera ndi nthunzi pomutcheza, choncho funso langa la mu Epulo linali lolakwika ngakhale pa sayansi yake. Mu 1992 Victor Gordeuk ndi anzake, atafufuza mabanja ku Zimbabwe ndi ku Zambia, anasonyeza kuti chibadwa chili ndi mbali yake, popeza si onse omwa mowa umodzimodzi amene amadzaza ayironi mofanana. Jini ya HFE, imene inapezeka mu 1996 ndipo imafotokoza hemochromatosis, matenda obadwa nawo odzaza ayironi a azungu a kumpoto kwa Ulaya, si imene imayambitsa vutoli kuno. Kusintha kwina kwa ferroportin kotchedwa Q248H kumapezeka mwa anthu a mu Africa ndipo kumayenderana ndi ferritin yokwererapo, koma pakokha sikufotokoza matenda onse.

Mu vuto la kwathu kuno ayironi amadzaza mu macrophage komanso m'maselo a chiwindi, ndipo macrophage ndi mmene tizilombo ta chifuwa chachikulu timakhala. Tizilomboti timapanga mycobactin wolanda ayironi m'selo limene latimeza, kotero macrophage yodzaza ayironi ndi malo otikomera. Kafukufuku wa ku Zimbabwe wa mu 2001, wotsogozedwa ndi Innocent Gangaidzo, anapeza kuti anthu amene analandira ayironi wambiri kudzera mu mowa wa masese ankadwala chifuwa chachikulu kuposa anzawo. Kwa abambowa ndimaona kuti mgolo ndi chifuwa si nkhani ziwiri zongokumana mwangozi. Shuga wokwera ndi chiwindi cholimba zikulowanso pomwepa, chifukwa transferrin ikadzaza kupitirira 70 peresenti m'magazi mumayamba kuyenda ayironi wosamangika, amene amalowa m'maselo a chiwindi, a chiwalo chopanga insulin ndi a mtima osadutsa pa cholandirira chimene IRP imalamulira.

Ndinawerengera zimene ndinawamwetsa. Mapiritsi awiri a mamiligalamu 60 pa tsiku kwa masiku 90 ndi mamiligalamu 10,800, pafupifupi katatu ayironi yense wa m'thupi la munthu wathanzi. Wambiri mwa iye sanalowe, ndipo chimene chinamutsekereza ndi hepcidin yokwezedwa ndi chifuwa chomwecho chimene ine ndinachiphonya. Choipa chachikulu cha mapiritsi aja, mmene ndikuonera, ndi miyezi itatu imene anandigoneka tulo, abambowa akutsokomolera adzukulu awo m'nyumba.

Chithandizo ndi zotsatira

Sal ferroso tinamuleketsa tsiku lomwelo. Anayamba mankhwala a chifuwa chachikulu a miyezi isanu ndi umodzi, miyezi iwiri ya rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol kenako inayi ya rifampicin ndi isoniazid, pamodzi ndi pyridoxine. Popeza atatu mwa mankhwalawa amalemetsa chiwindi, tinkawaona milungu iwiri iliyonse m'miyezi yoyamba, kuyang'ana chikasu m'maso ndi kubwereza ALT pamene zinatheka, ndipo sinapitirire 95. A m'nyumba mwawo onse anapimidwa, ndipo mdzukulu wa zaka zitatu anapatsidwa mankhwala oteteza. Mowa anausiya pang'onopang'ono m'milungu itatu. Chingamu chawo chinkatuluka magazi, chimene chimachitika chifukwa ayironi wochuluka amawononga vitamini C, koma sindinawapatse mapiritsi amphamvu a vitaminiyu popeza amamasula ayironi wosungidwa ndipo angavulaze mtima, m'malo mwake ndinawalangiza magwafa, malalanje ndi tomato.

Mu Januwale anamaliza mankhwala makhololo ali oyera, akulemera makilogalamu 56, hemoglobin ili 13.1 popanda piritsi limodzi la ayironi. CRP inabwerera m'malo, ferritin inatsikira pa 1,900, koma transferrin inakwera kufika pa 78 peresenti. Hepcidin itatsika, khomo la ferroportin linatseguka ndipo katundu wobisika uja anaonekera m'magazi. Chiwindi sitinachitenge kachidutswa kuti tikapime, choncho matendawa tinawatsimikiza ndi mbiri ya mowa, kupima thupi ndi manambala awiriwa obwerezedwa kutupa kutatha.

Mankhwala omanga ayironi monga deferoxamine ndi deferasirox sitikhala nawo, ndipo kwa munthu amene hemoglobin yake ili bwino njira yoyenera ndi kuchotsa magazi. Apa ndi pamene panavuta koposa. Abambowa anandiyang'ana nati, "Adokotala, chaka chatha munati magazi anga ndi ochepa, lero mukuti muwachotse. Kodi mukupita nawo kuti?" Funsoli linali loyenera, ndipo kuno, kumene mphekesera za anamapopa zimadzuka nthawi ndi nthawi mbali zonse ziwiri za malire a Mozambique ndi Malawi, si loti n'kuliseka. Ndinawayankha kuti, "Bambo, chaka chatha ndinalakwitsa ndine," kenako ndinawafotokozera pamaso pa akazi awo ndi mwana wawo kuti thumba lililonse la mamililita 400 limatuluka ndi mamiligalamu pafupifupi 200 a ayironi, ndipo thupi popanga magazi obwezeretsa limakatapa m'nkhokwe zodzaza zija. Tinagwirizana kuti mwana wawo kapena mayi azikhalapo nthawi zonse ndi kuona thumbalo likutayidwa, ndipo zakhala choncho.

Kuyambira mu Febuluwale takhala tikuchotsa mamililita 400 milungu iwiri iliyonse, titayamba tayeza hemoglobin, ndipo tinadumpha kawiri pamene inatsikira pansi pa 12. Titachotsa ka 14, ferritin inali 1,450, ALT 41, ndipo shuga akulamulidwa ndi kadyedwe ndi metformin. Ulendo ukadali wautali, mwina woposa chaka china, ndipo chiwindi chimene chinalimba kale chiyenera kuunikidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse chifukwa cha chiopsezo cha khansa.

Nkhaniyi inabala vuto lina limene sindinaliyembekezere. Mpongozi wawo anali woyembekezera miyezi isanu, ndipo banja litamva kuti mapiritsi ofiira aja anali osayenera kwa abambo, linamuletsa kumwa amene analandira kusikelo. Titamuyeza, hemoglobin yake inali 9.2 ndipo MCV inali 71, chithunzi chenicheni cha kuchepa kwa ayironi, mwa mayi amene mimba yake yonse imafuna pafupifupi galamu imodzi ya ayironi. Ndinakhala pansi ndi apongozi ake aakazi, amene mawu awo ndi omveka pakhomopo, n'kuwaonetsa mapepala awiriwo moyandikana kuti aone kuti piritsi limodzimodzi likukumana ndi matupi awiri osiyana. Mpongoziyo anayambiranso kumwa, ndipo pobereka hemoglobin yake inali 11.4. Ndinawachenjezanso kuti mapiritsiwa azisungidwa patali ndi ana, popeza mwana wamng'ono akameza ambiri nthawi imodzi amapsa m'matumbo ndi chiwindi ndipo angamwalire.

Mayi aja sanasiye kufulula, chifukwa ndi mowa umene umalipira feteleza ndi makope a adzukulu, ndipo sindinaone kuti ndi udindo wanga kuwaletsa. Anavomera kuti akauphika aziutsanulira m'mbiya ndi m'zigubu zapulasitiki kuti usasasire m'chitsulo, ndipo mgolo wakale uja tsopano akusungiramo chimanga. Mng'ono wa abambowa, amene wamwa nawo mowa womwewo kwa zaka zambiri, ndamuitanitsa kawiri kuti adzayezedwe, ndipo watumiza mawu akuti adzabwera akamaliza kukumba mbatata za kudimba.